Chibowo cha Mpanda wa Kuseri

Kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Chankhanga
mpanda wa njerwa uli ndi chibowo m'munsi.
Amisiri anachisiyira madzi a mvula.
Madziwo amadutsa miyezi inayi yokha,
miyezi yotsalayo pamadutsa ena.

Ine ndimaweruka m'bandakucha,
manja akununkha mankhwala okolopera wodi,
ndimazungulira kuseri, nsapato m'manja,
kuopa kudzutsa Sekanawo,
ndiye ndimawapeza asanabalalike.

Kalulu ndi wowonda, wotuwa ngati chiguduli chakale,
khutu limodzi long'ambika kunsonga.
Tsiku lina tinayang'anizana, iye zii, ine zii,
mtima wake ukuoneka kugunda m'nthiti.
Anadya mpiru wanga mizere iwiri,
wachitatu anausiya, chifukwa chake sindikuchidziwa,
nandisiyira timibulu ta ndowe pafupi ndi mpopi
ngati chenji.

Kanungu amafwenthera m'masamba ouma a papaya,
ukamugunda ndi tsache amadzikulunga mpira.
Sekanawo anamutcha Bwana Osandikhudza.
Koma wakuba weniweni ndi bwampini:
sopo wanga, supuni yaing'ono, chitsekerero cha botolo,
mtedza wa a Nagama woyanika pa mkeka,
zonse anakalonga kudzenje kwake kuseri kwa bafa
ngati akufuna kutsegula okala.
Gulo yekha ndiye sabisala,
amakwera njerwa dzuwa likangotuluka
n'kumagwedeza mutu, kuvomereza chilichonse chomwe ndadandaula.

A Nagama anasuzumira pampanda nati,
"Mayi, ndiwo ikudzibweretsa yokha inu mukugula bonya?"
Ndinaseka, koma mwezi unali utafika pakhosi.
Madzulo ake ndinapinda waya,
khwekhwe lozungulira bwino, monga ankachitira malume ku Chulu,
ndi kulitchera pakamwa pa chibowo.

Usiku umenewo ndinakolopa malo amodzi kawiri.
Mayi wina ankabuula kuseri kwa katani,
ine ndikumva waya ukuthina.
Ndinatsika phazi lisanakwane ola,
Phiri la Kasungu likadali chimthunzi chabe,
ndinafika wefuwefu, ndinagwada.

Panalibe kalulu. Panalibenso waya.
Pakhonde panaima galimoto yatsopano,
mateyala a zitsekerero, chiwongolero chachitali,
mwini wake ali m'tulo, kukamwa yasa,
dzimbiri lidakali m'zala.
Sindinamufunse ngati anadziwa chomwe anamasula.
Iyenso sananene.

Pakutha pa mwezi anabwera a Chisinga ndi kabuku kawo.
Atawerenga ndalama anaponda dimba langa ndi mapazi,
kuyeza, kasanu uku, kasanu ndi kawiri uko.
"Apa pakwana zipinda ziwiri. Kwinako simenti.
Chibowocho titseka, chimalowetsa njoka."
Anawonjezera kuti ali mnyamata kuno kunali thengo lokhalokha,
ankasaka ndi agalu pomwe pali chigayo paja.
Ananena monyadira, kenako anakhala chete pang'ono,
natseka kabuku.

Matumba a simenti afika dzulo, asanu ndi atatu,
awasanja pansi pa khonde, afunditsa pulasitiki.
Mmisiri akuti ayamba Lolemba.

Sindikudziwa kuti nkhani ngati iyi umaiuza bwanji nyama.
Ifenso tinalowa m'tauni muno chokwawa,
munda utagulitsidwa tili kumaliro,
tinapeza kampata, tinapinda msana, tinadutsa,
ndipo mpaka lero timadya tikuyang'ana kumbuyo.

Lero ndathirira mzere wachitatu uja,
ngakhale madzi akwera mtengo.
Sindithyolako.
Ndakhala pa ndowa yovundikira, yunifolomu ili m'thupi,
tulo tikundikoka zikope,
tambala wa a Nagama walira kachiwiri.
M'chibowo mwatulukira kamphuno konjenjemera,
kanunkhiza simenti,
kanunkhiza ine,
kenako khutu long'ambika lija lalowa.